Mwana Amene Sankakhudza Bambo Ake

Ikram, mwana wamwamuna yekhayo wa a Abdulmajid ogulitsa nsalu ku Old Town, si munthu woipa. Ndikunena ine telala amene ndasokera pakhonde la sitolo yawo kuyambira iye akuvala kabudula. Vuto lake ndi loti akamva chinthu, amachimvetsa mopitirira muyeso.

Lachisanu lina, ndevu zitangoyamba kumumera Ikram, shehe anaphunzitsa mumzikiti za chuma cha masiye. Anati wopha munthu salandira cholowa cha wophedwayo, ngakhale atamupha mwangozi. Enafe tinagwedeza mitu n'kupita kukadya. Ikram anatsalira. Anafunsa za galimoto yogubuduzika mwana ali pachiwongolero, za mankhwala operekedwa molakwika, mpaka za munga wa nsomba wotsamwitsa. Shehe, amene anali ndi njala, anangoti nkhani zotere n'zovuta, ndi bwino kusamala.

Ndiye mnyamata anasamaladi. Sitolo ija ankaiwerengera kale, ndipo sanafune kuti ngozi yachabechabe imulande. Bambo ake akafuna kubwerera kunyumba ku Area 47, Ikram ankawaitanira takisi, iye n'kumatsatira pambuyo yekhayekha m'galimoto yake. Tiyi sankawathirira. Mkuluyo atayamba kudwala shuga, Ikram ankagula mankhwala odula, n'kuwaika patebulo, n'kuitana mlongo wake Zakia kuti awapatse. Ngakhale pamasitepe a mzikiti sankawagwira dzanja, poti munthu akagwa, amafunsidwa ndi amene anamugwirizira. Anthu ankamuyamikira. Ankati ana aulemu chonchi anatha kale, oopa ngakhale kuyandikira kholo.

Zakia analibe nzeru zoterozi. Anasiya ntchito ya mu ofesi ku City Centre n'kumabaya bambo ake jakisoni, kuwatsuka zilonda, kuwathamangitsira kuchipatala pa kagalimoto kake ka mabuleki okayikitsa. Ikram anamuchenjeza pakhonde panga pomwe, mwachikondi ndithu, kuti wakutsina khutu ndi mnansi: tsiku lina dzanja lidzalakwitsa, ndipo gawo lake lidzapita. Zakia anangomuyang'ana, n'kufunsa ngati m'sitolomo munali nsalu yofewa yomangira phazi.

A Abdulmajid anakhalabe ndi moyo zaka zambiri, ndipo zonsezo Ikram anazithera kuseri kwa kauntala, kutsegula m'mawa, kukangana ndi amaoda, kupenta chitseko. Kunena zoona, sitolo inakongola. Mkuluyo anamwalira pabedi pake dzuwa litakwera, mutu uli pamiyendo ya Zakia. Ikram anali panja pakapinga, pamalo pomwe mlonda ndi wosamalira maluwa ankamuona bwinobwino.

Kwathu maliro sagonera, ndipo mwamuna amasambitsidwa ndi amuna anzake, makamaka ana ake. Apa panalibenso choopa, wakufa saphedwa kawiri. Ikram anapinda malaya n'kulowa m'chipinda pamodzi ndi shehe, ine ndikuthira madzi. Anagwira ntchito mosamala monga mwa khalidwe lake. Koma atanyamula mkono wa bambo ake anadzidzimuka ndi kupepuka kwake, ndipo ndinaona kuti sakudziwa pogwira.

Atafika kuphazi lamanzere anaima. Panali zala zitatu zokha.

"Zinazi zinapita kuti?" anafunsa monong'ona.

Shehe, amene tsopano ndi wokalamba kwambiri, anayankha motsitsa mawu kuti anazidula kuchipatala kalekale. "Chaka chomwe chija bambo ako anapereka sitolo kwa Zakia. Mphatso ya munthu wamoyo si cholowa, mwana wanga. A telala awa anali mboni."

Ikram anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana m'ndowa.

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Anati usauzidwe, poti sitolo unkaisamalira bwino," anatero shehe. "Za phazizo anati ukadzafunsa mmene akupezera, tidzakuuze."

Ndinamumvera chisoni kwambiri, ngakhale kuti kwa zaka zonsezo ndinkamuseka mumtima. Shehe anandikodola kuti ndithire madzi timalize, anthu akudikira panja. Ndinathira. Koma Ikram sanalisiye phazi lija, ndipo tinachita kumudikira.