Mfundo za pa Chingwe cha Che Bwanali

Fungo la chingwe cha mlaza chonyowa likangondilowa m'mphuno, Che Bwanali amandibwerera m'maso, atakhala pa bwato lakale kuseri kwa nyumba yawo, kofiya yoyera itapendekera kukhutu, chala chachikulu cha kuphazi chitakola ukonde, manja akusoka pong'ambika, kwinaku utsi wa makungwa amene ankawiritsa ponyika khoka ukudutsa mpanda wa bango n'kulowa m'nyumba mwathu mpaka amayi kuyamba kutsokomola ndi kudandaula. Tinali oyandikana nawo ku Senga Bay. Iwo Asilamu, ife Akhristu, koma nkhuku zathu zinkaikira kwawo, ndipo palibe ankafunsa dzira kuti limapemphera kuti.

Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Ndili mwana zinali zoposa pamenepa. Manja ankayankhula msanga, pakamwa n'kumatsalira. Kusukulu ya m'mudzi mwathu, nyumba yaudzu imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi, masamu ndinkakhoza, kulemba pasileti ndinkakhoza, koma aphunzitsi a Yesaya akangoti, "Lameki, imirira uwerenge," lilime linkauma gwa, zilembo n'kumayendayenda pabuku ngati nyerere. Tsiku lina ndinaima nthawi yaitali osatulutsa liwu, ndipo litatuluka linali kamawu kang'onong'ono. Filipo, mnyamata wokhala kumbuyo kwanga, analira ngati mwanapiye, "Piyo! Piyo!" ana onse n'kufa nacho chiseko. Ndinatembenuka n'kumuswera sileti pamutu.

Aphunzitsi sanandikwapule. Bola akanandikwapula. Anati, "Kwatsala masabata atatu kuti titsekere sukulu, ndipo makolo onse adzabwera. Udzaima kutsogolo, udzanena wekha chimene wachita, udzapepesa, kenako udzawerenga ndime imene yakukanika leroyi. Ukalephera, dzina lako ndidzafufuta m'kaundula."

Ndinalumbira kuti sindidzapondakonso. Koma mumtima sukulu ndinkaifuna. Atate anali ku Halale pantchito, ndipo kalata yawo ikabwera amayi ankayenda nayo kwa anthu kuti awawerengere, za m'nyumba mwathu n'kumamveka mudzi wonse. Zimenezo zinkandiwawa kuposa ndodo.

M'mawa mwake Che Bwanali anandipeza ndikugenda abuluzi pampanda wawo.

"Iwe Lameki, sukulu yapsa?"

"Ayi."

"Nanga abuluzi angawa akulakwira chiyani? Nawonso anati piyo?"

Nkhani inali itawafika kale. Ndinatola mwala wina, iwo osasuntha n'komwe.

"Ponya, mutu uno wagendedwa ndi mwera zaka zambiri. Ukatha ubwere kudooko. Wofuula mfundo wanga wapita kukakwatira ku Maganga, ndilibe munthu."

Khoka la Che Bwanali ankapita nalo kutali pabwato n'kukaliponya, kumtunda kutatsala zingwe ziwiri zazitali, china kuno, china uko, kutalikirana moti munthu wa mbali inayo ankaoneka ngati chala. Gulu lililonse linkakoka chingwe chake. Pazingwe zonsezo panali mfundo zomangidwa motalikirana mofanana, ndipo mfundo ikatuluka m'madzi n'kufika m'manja mwa wokoka wakutsogolo, wina ankaifuula kuti a mbali inayo amve. Yawo ikakhala itafikanso ankayankha kuti, "Yafikaaa!" Ikakhala isanafike ankati, "Dikiraniii!" Popanda zimenezi mbali imodzi imatsogola, khoka limabwera chopendekera, chambo n'kuthawira kumbali yotsalira.

Anandiimika kutsogolo kwa amuna okoka, amayi odikira nsomba atakhala pamchenga ndi madengu awo. Mfundo yoyamba inatuluka, yakuda, ikudontha madzi. Ndinatsegula pakamwa, koma zii. Yachiwiri ndinainong'ona. Pofika yachinayi mbali yathu inali itatsogola kwambiri, ndipo khoka litafika kumtunda munali tinsomba tosadzaza dengu, ndi nkhanu ziwiri. Amuna aja anandinena mawu amene sindingalembe pano. Ndinakunga chibakera.

Che Bwanali anachigwira chibakeracho n'kuchitambasula chala chimodzichimodzi, osafulumira, ngati akumasula ukonde wopiringizika.

"Wallahi, mwana iwe! Dzanja ili lingafike uko? Tandiuza, umayang'ana ndani?"

"Onse amandiyang'ana ine."

"Iwe? Ndiwe chambo iwe? Amayang'ana ndiwo zawo. Taona kuchingwe chinacho uko, wa nsalu yofiira uyo. Ndi mlamu wanga, khutu limodzi linafa kalekale. Mawondo ako sakuwaona, zoti ukunjenjemera sakuzidziwa. Akungodikira kuti umuuze mfundo. Uza iyeyo basi. Apafupiwa amvera momwemo."

Tsiku lotsatira anandiimikanso pomwepo, amuna aja akung'ung'udza. Mfundo itatuluka ndinayang'ana kansalu kofiira kaja n'kukuwa kuti, "Yoyambaaa!" Mawu anathyoka pakati ngati a tambala wongoyamba kulira, ndipo amayi ena anaseka. Koma kuchokera kutali, pamwamba pa phokoso la madzi, kunabwera yankho: "Yafikaaa!" Munthu wamkulu, wandevu, anali atadikira mawu anga n'kuwagwiritsa ntchito.

Kusukulu ndinabwerera, koma m'mawa uliwonse, mchenga usanayambe kuotcha mapazi, ndinkayamba ndapita kudooko. Che Bwanali sankanena zambiri. Ankangondigwira pamimba ndi chikhato chokhakhala chonunkha mamba n'kunena kuti, "Tulutsa apa. Pakhosi m'podutsa phala." Tsiku la mafunde aakulu ndinafuula katatu osamveka, mkwiyo n'kuyamba kundikwera. Anandikoka khutu. "Ukulimbana ndi funde? Lisiye liswe. Likamabwerera pamakhala kachete pang'ono, mawu ako uwaike pamenepo."

Tsiku lotsekera sukulu linafika. Amayi anandidzoza mafuta a nsatsi mpaka mphumi kunyezimira. M'nyumbamo munadzaza, amuna pamipando ya njerwa, amayi pamphasa, ena akusuzumira m'mazenera. Che Bwanali ndinali nditawapempha kuti abwere, ndipo anati, "M'tchalitchi mwanu sindilowa, koma ndibwera." Ndinawafunafuna osawaona. Ana ena anaimba, ena anaonetsa masamu, kenako aphunzitsi anatchula dzina langa.

Ndinaima kutsogolo, lilime n'kuuma monga kale. Maso onse anali pa ine. Kumbuyo kunamveka kamawu kotsitsa, "Piyo!" ndipo ana anaphulika kuseka. Zala zanga zinadzipinda zokha. Ndikunena zoona, ndinali nditayeza kale kuti Filipo ali masitepe angati kuchokera pamene ndinaima. Pokweza mutu, maso anadutsa pakhomo, kudutsa bwalo lonse losewerera, mpaka patsinde pa mango kutsidya, ndipo pamenepo panali kofiya yoyera. Anasankha kuima kutali kuposa pamene pankaima mlamu wawo.

Ndinachisiya chiseko chija kuti chiswe. Chitayamba kubwerera ndinakoka mpweya mpaka pamimba.

"Ine Lameki ndinaswa sileti pamutu pa Filipooo! Ndinalakwaaa! Filipo, pepaaa!"

Khanda lina linadzidzimuka kumsana n'kuyamba kulira. Mileme iwiri inatuluka m'denga. Anthu anangoti kakasi, ndipo m'chetemo, kuchokera kumango kuja, kunabwera liwu limene aliyense wa kunyanja ankalidziwa:

"Yafikaaa!"

Asodzi onse amene anali m'nyumbamo anagwa nacho chiseko, ena kumenya ntchafu, amayi anga atabisa nkhope m'nsalu mapewa akugwedezeka. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Ndinapezeka kuti nanenso ndikuseka, ndi Filipo yemwe, chipsera chili pamphumi.

Aphunzitsi a Yesaya anapukuta misozi n'kunena kuti, "Tamva, Lameki. Ndi a ku Maganga omwe amva. Tsopano werenga, koma chepetsako, denga ili ndi laudzu."

Ndinawerenga ndime yonse. Ndinapunthwa pa mawu awiri, ndinabwereza, n'kupitirira mpaka kumapeto. Dzina langa linatsala m'kaundula.

Potuluka ndinathamangira kumango kuja ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo anangoyang'ana dzuwa n'kunena kuti, "Nthawi ya swala yakwana, ndikapemphere. Mawa usachedwe, mlamu wanga wayamba kukukonda."

Sukulu ndinasiyira Sitandade 2, atate atabwerako akudwala ndipo pakhomo pakufunika manja. Si mantha amene anandichotsa, ndipo zimenezo ndimazinena mutu uli m'mwamba. Che Bwanali anatisiya chaka cha dzana, khoka lawo linapita kwa ana awo. Ine pano ndimanyamula mabelo a thonje pasiteshoni ya sitima ku Salima. Pakakhala dandaulo lopita kwa akapitawo, anzanga amakankha ine kuti, "Lameki, kalankhule ndiwe." Kumudzi pakakhala uthenga wolengeza pagulu, amaitana ine. Ena amaganiza kuti ndinabadwa wopanda mantha, ndipo ndimangowasiya aganize.

Mantha alipobe. Che Bwanali sanandilonjeze kuti adzatha, ndipo sanathe. Mtima wapachala nawonso ulipobe, amene anandiputapo akudziwa. Chimene chinasintha n'chakuti masiku ano ndikaima pamaso pa anthu, pakamwa pamayamba, manja n'kudikira m'thumba. Nthawi zambiri ndikamatsiriza kuyankhula ndimapeza kuti manjawo alibenso ntchito.