Nkhuku Zimene Dailes Sanadye

Kukanakhala kuti kupirira amaperekera mendulo, Dailes Nkhoma bwenzi akuyenda khosi litapindika. Anabadwira ku Chipangali, kwa alimi a mtedza, ndipo sukulu anailekera giredi sikisi chifukwa bambo ake ankati mtsikana wodziwa kulemba dzina lake waphunzira mokwanira. Asanakwanitse zaka makumi awiri anakwatiwa ndi Whiteson Miti wa kufupi ndi Madzimoyo. Akuchimuna anapereka ng'ombe zinayi n'kumutenga. Kuyambira tsiku limenelo nyumba yomwe ankagonamo, munda womwe ankalima, ngakhale mtondo wosinjira, zonse zinali za kwa Miti, ndipo alamu ake sankalola kuti aiwale zimenezo.

Whiteson tisamunamizire. Anali mlimi wakhama, thonje lake linali losiririka, ng'ombe zake zonenepa, ndipo Lamulungu ankaimba besi m'kwaya. Mowa sankaulawa n'komwe. Amuna ena amamenya akazi awo kachasu akawakwera m'mutu, kukacha n'kumachita manyazi. Whiteson ankamenya maso ali gwa, atasamba, atakhuta.

Koyamba anamumenya patangotha miyezi inayi chikwatirane, ati ndiwo zinachuluka mchere. Dailes anathamangira kwa ankhoswe, a Gerson, amalume ake a Whiteson, poti ankhoswe ake a iye anali kutali ku Chipangali. A Gerson anamva mbali zonse, nagamula monga ankagamulira makolo awo: mwamuna apereke nkhuku yopepesera. Mwambo wa kwa Miti unali woti mkazi aiphe yekha nkhukuyo, aiphike, adyere pamodzi ndi mwamuna wake. Ikangodyedwa, mlandu wafa, ndipo woutchulanso ndiye wolakwa.

Dailes anagwada, nalandira kamsoti kaja ndi manja awiri. Koma mtima unakana kukapha. Anangoti, "Kadakali kakang'ono aka, kayambe kakula." Anthu anaseka, namutama kuti ndi mkazi wosamala zinthu. Itabwera yachiwiri ananena zomwezo, yachitatu chimodzimodzi, mpaka a Gerson anasiya kufunsa. Nkhukuzo zinaikira, zinaswa, zinadzaza bwalo. Pomwe zinkatha zaka makumi awiri ndi ziwiri, m'mudzi monse munalibe khola loposa la Dailes, ndipo amayi odutsa ankamufunsa chinsinsi cha ulimi wake. Iye ankangomwetulira.

Kuchipatala nakonso anali ndi yankho lake limodzi. Anamwino akamufunsa za diso lotupa kapena nthiti yopweteka, ankati, "Ndinagwa pa ngolo," n'kuseka pang'ono ngati wodziseka kupusa. Anagwa pa ngolo kambirimbiri mayi ameneyu, munthu ukanaganiza kuti amagona pomwepo.

Chopsetsa mtima kwambiri n'chakuti kupirira kwakeko kunamukweza. Amayi a kutchalitchi anamusankha kukhala mlangizi wa atsikana olowa m'banja. Pakamwa pake pankatuluka mawu okoma ngati uchi: banja ndi kupirira, mkazi ndi chivundikiro cha mphika, za m'nyumba sizituluka pakhomo. Mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, Tamanda, atatha msinkhu, anamukhazika pamphasa n'kumuthira mawu omwewo m'makutu. Ankawakhulupirira ndithu, apo ayi akanapenga kalekale.

Ndiye linafika Loweruka lina la mu Febuluwale. Tamanda, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ankayang'anira ng'ombe m'mphepete mwa munda, ndipo atapita kukamwa madzi ng'ombe ziwiri zinalowa m'thonje. Whiteson sanafunse. Anasolola chikeyi, kamtengo kolimba kaja kamene amalowetsa m'goli, n'kumutsata mwanayo. Dailes ankapalira mtedza chapafupi pomwepo. Anaona mwana akutchinga mutu ndi mkono wamanja, ndipo anamva ndi makutu ake fupa likulira ngati nkhuni youma.

Mkono unathyoka pawiri. Kuchipatala cha kutauni, Dailes atatuluka kukagula nthochi, namwino wina anamufunsa mtsikanayo mofatsa, ndipo ululu unamulankhulitsa zoona. Namwinoyo anaitana apolisi. Whiteson anagona m'chitokosi masiku atatu, natuluka pa belo, ndipo patapita miyezi iwiri Dailes analandira pepala lomuitana kukhoti ngati mboni ya boma.

Pepala lija lisanakhale n'komwe m'nyumba, a Gerson anatulukira ndi tambala woyera kukhwapa. Pambuyo pawo panali a Magalita, alongo ake aakulu a Whiteson, mayi amene lilime lake linkayamba ntchito thupi lisanakhale pansi.

"Alamu, tamva kuti boma lakuitanani," anatero a Magalita. "Ndiye mukakanene chiyani? Munazionapo kuti zoti mkazi wogona naye mphasa imodzi n'kukaloza mwamuna wake chala pagulu? Ngakhale galu saluma mwini khomo."

"Mwana wapunduka, alamu," anatero Dailes motsitsa mawu.

"Mwana wa ndani? Munabwera naye kuchokera ku Chipangali? Uyu ndi wa kwa Miti, ng'ombe zathu ndizo zinamubereka. Mvetsetsani: mukakangoyasamula kukhoti kuja, kuno musadzapondenso. Munda uwu si wa bambo anu."

A Gerson anatambasula tambala uja. "Apongozi, landirani, muphike, mudye ndi amuna anu. Inu ndinu alangizi, sitingakuphunzitseni. Mwanayu anagwa pa ngolo, basi."

Dailes anagwada, nalandira ndi manja awiri monga kale. Anamumangirira tambalayo mwendo kunsi kwa nkhokwe, nati aphika akabwerako kukhoti. Tinene zoona, anali atatsimikiza kukanama. Ankaopa. Munthu wa zaka zoposa makumi anayi, makolo anamwalira, minda ya ku Chipangali alongo ake anagawana, akanalowera kuti?

Tsiku la mlandu mboni anaziuza kuti zidikire panja mpaka ziitanidwe. Dailes anakhala pabenchi pansi pa windo, lomwe linali lotsegula chifukwa cha kutentha. Woyamba kuitanidwa anali Tamanda. Woimira boma anamufunsa chomwe chinachitika ndi mkono wake.

"Ndinagwa pa ngolo," anatero mtsikanayo, kenaka anaseka pang'ono.

Kaseko kameneko ndi komwe kanamulasa Dailes. Mawuwo akanati a Magalita ndiwo amuphunzitsa, koma kasekoko kanali kake, iye mwini, ndipo mwana anakatola akuperekeza mayi ake kuchipatala ali pamsana. Make mbuu, mwana mbuu. M'maganizo anamuona Tamanda zaka makumi awiri zikubwerazo ali pakhomo pa mwamuna wina, akumwaza gaga pakati pa nkhuku zambirimbiri, amayi odutsa akumufunsa chinsinsi cha ulimi wake. Manyazi anamugwira, kenaka mkwiyo umene sanaumvepo chibadwire, ndipo woyamba kumukwiyira anali iye mwini.

Atamuitana analowa, nagwira Baibulo n'kulumbira. Asanayambe kulankhula, Whiteson anadzambatuka m'kabokosi momwe anaima.

"Bwana, uyu ndi mkazi wanga, ndinamulowola! Sangandichitire umboni ine!"

Woweruza, mayi wovala magalasi, anamuuza kuti akhale chete, popeza wovulalayo ndi mwana wa m'nyumba momwemo ndipo khoti limva zomwe mayi ake anaona. Woimira boma anafunsa ngati Tamanda anagwadi pa ngolo.

"Ngolo yathu ilibe tayala chichokereni Novembala," anatero Dailes. "Ili pa njerwa kuseri kwa khola, apolisi akhoza kukaiona. Mwanayu anamenyedwa ndi chikeyi. Anamumenya ndi bambo ake awa, katatu, ine ndikuona."

M'khoti munamveka kung'ung'udza. A Magalita anatsonya mokweza mpaka wapolisi anawayang'ana. Kenaka woweruza anapatsa Whiteson mpata wofunsa mboni. Munthu wanzeru akanafunsa za tayala. Koma Whiteson anafunsa funso lomwe kwa Miti linkatseka pakamwa pa mkazi aliyense.

"Iwe, nkhuku sunalandire? Mlandu uwu suja unatha kumudzi?"

"Ndinalandira, abambo a Tamanda. Ndinalandira ya mchere uja, ndinalandira ya dzino ili, ya nthiti, ndi ya mimba ija inachoka. Zonse zili kukhomo, ndi ana awo ndi zidzukulu zawo. Koma tandiuzani pamaso pa anthuwa, ndi iti imene munadya ndi ine?"

Whiteson anakhala pansi. Zaka zonsezo ankadutsa pakati pa milandu yake m'mawa uliwonse, nthawi zina n'kumaiwazira yekha gaga, osadziwa kuti palibe ndi umodzi womwe unafa. Woweruza anafuna kudziwa za nkhukuzo, ndipo Dailes anafotokoza imodzi ndi imodzi. Belo ya Whiteson inathera pomwepo, ndipo tsiku la chigamulo litafika anamupatsa zaka zitatu.

Koma chigamulo cha kwa Miti sichinadikire tsiku limenelo. A Magalita anaimba foni kumudzi asanatuluke n'komwe pageti la khoti, n'kukwera njinga yamoto ndi a Gerson. Dailes ndi Tamanda anabwerera pa minibasi. Pofika dzuwa litapendeka, anapeza bwalo lonse lili mbuu ndi nthenga. Miphika inali pamoto, ana a achibale akunyambita zala. Katundu wa Dailes, zitenje, mapoto awiri ndi kolona, anali ataunjikidwa panjira.

"Mwati simunadye?" anakuwa a Magalita, ntchafu ya nkhuku ili m'manja. "Takudyerani ife, alamu. Milandu yanu yonse yatha, ndi ukwati womwe. Mlangizi wanji wogulitsa mwamuna kwa apolisi? Nyamulani, muzipita!"

Tambala woyera uja yekha ndiye anamusiya, ndipo anamusiya dala. A Gerson anamumasula kunsi kwa nkhokwe, naitana Tamanda.

"Iwe ndiwe wa kwa Miti, sukupita kulikonse. Wayankha bwino kukhoti. Landira uyu, uphike, ukawapatsireko bambo ako kundende, mlandu wa mkonowu ufe."

Tamanda anagwada. Anatambasula manja awiri monga anaphunzitsidwira, ngakhale wamanjawo sunkawongoka. Kenaka anatembenukira kwa mayi ake, maso ali psuu.

"Amayi, si inu munandiuza kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo? Ine ndanama pa Baibulo chifukwa cha inu, inu n'kundisandutsa wabodza pamaso pa anthu onse aja."

"Ndine, mwanawe," anatero Dailes. "Ndinakunamiza. Tiye tizipita."

Tamanda anayang'ana kumbali. Dailes anadikira, nadikiranso, mpaka a Magalita anayamba kuwomba m'manja ngati akupirikitsa mbuzi. Anasenza mtolo wake, nayenda yekha kupita kumsewu. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa atsikana onse amene anawalangiza amene anatuluka kudzamuperekeza.

Anapeza kachipinda ku Chipata kwa mayi wina wa kutchalitchi, nayamba kukazinga mtedza pafupi ndi pokwerera magalimoto a ku Mwami. Kulangiza sanamuitanenso, ndipo iye sanakufunenso. Anthu a ku Madzimoyo akadutsa ankalozerana kuti uyo ndi mkazi uja anamangitsa mwamuna wake. Zimenezo sizinkamupweteka. Chinkamudya n'chakuti munda wataya, nyumba wataya, koma mwana amene anatayira zonsezo watsala komweko.

Patatha masabata asanu, Lachiwiri masana, akuthira mchere mumtedza, anaona mapazi afumbi ataima kutsogolo kwa mbaula yake. Anali Tamanda, atawonda, kachikwama ka mabuku kumsana. Kukhwapa kwa mkono wabwino uja kunali tambala woyera, wamoyo, akuphethira maso.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani," anatero mtsikanayo, osamwetulira. "Azakhali andikakamiza tsiku ndi tsiku, mpeni kundipatsa m'manja. Koma sindinadye, amayi."

Dailes anangosendera kumapeto kwa benchi, n'kumusiyira mwana wake malo.