Tinaiwala Kusiya Njira

Nyumba yathu ku Mlangeni inali chakumbuyo pang'ono kwa msewu wa tala, ndipo ndili wamng'ono pakati pake panali munda wa mbatatesi basi. Zipani zitachuluka, malonda a pamsewu anachulukanso. Minibasi zinayamba kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ogula kabichi n'kumachokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe. Anthu anasamuka m'midzi ya kumapiri, aliyense akufuna khomo loyang'ana tala.

Malume, amene ankayang'anira malo a mbumba yathu, anadula munda uja mapuloti. Ankayeza ndi mapazi, m'mbali mwa msewu mokhamokha. Golosale, bala, butchala, resitihausi, khoma kugundana ndi khoma. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti ife akumbuyo tizidzera pati. Kuseri kwathu nakonso kunadzaza nyumba za lendi ndi mipanda ya njerwa. Tinatsala ndi kampata pakati pa bala ndi butchala, kodutsa chammbali utatseka mphuno. Mikodzo ya zidakwa, magazi a mbuzi, ntchentche zobiriwira zija. Mayi ankawazamo phulusa m'mawa uliwonse, osadandaula.

Tsiku loika maliro a mayiwo, adzukulu ananyamula bokosi pa siwa, koma atafika pa kampata paja bokosi linakana kulowa. Anayamba kulipendeketsa. Ine ndinakuwa.

"Mayi anga si thumba la makala, musawapendeketse!"

"Ndiye tidzere pati, achemwali?" anandifunsa mkulu wa adzukulu. "Tiwakweze padenga?"

Malume anapita kukapempha mwini bala kuti tidutse m'balamo. Iye anavomera, koma wailesi anangoitsitsa, osazimitsa, ati kuopa kukwiyitsa makasitomala. Mayi, amene moyo wawo wonse sanalaweko mowa ngakhale dontho, analowera khomo lakumbuyo la bala, n'kudutsa pakati pa mabotolo ndi masanzi adzulo. Amayi a kumpingo ankaimba pambuyo pawo, mphuno zili m'zitenje. Munthu wina pa kauntala anavula chipewa ndi dzanja limodzi, linalo osasiya botolo.

Titatulukira pa tala, malume anandinong'oneza kuti, "Koma zatheka bwinobwino, mwana wanga."

Sindinalankhulenso nawo mpaka tsiku limene nawonso tinakawaika.