Malo Oyera pa Mapu a Ba Mwale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kumanda. Nditamaliza sukulu ndinakhala zaka ziwiri pakhomo kukomboni ya George, kuthandiza amayi kukazinga vitumbuwa, ndipo chinthu chokha chimene anthu ankandidziwa nacho chinali kalembedwe. Ndinkalemba bwino, ndipo ndinkadziwa kuti ndimalemba bwino, lomwe linali vuto lina palokha. Maliro akagwa mumpingo mwathu, ine ndi amene ndinkalemba dzina la malemu pa kachitsulo kozika pamanda, ndi penti yoyera ndi kaburashi. Tsiku lina titaika mayi wina wa kwaya, bambo wamfupi wa magalasi anaima nthawi yaitali akuyang'ana kachitsuloko m'malo moyang'ana manda. Anafunsa kuti walemba ndani. Lolemba lotsatira ndinali pantchito.

Bamboyo anali Ba Mulenga, Mbemba amene anajambula mapu m'boma zaka zambiri mpaka pamene anthu anayamba kuchotsedwa ntchito m'magulumagulu. Anatsegula kaofesi kuseri kwa sitolo ya misomali ku Matero. Inali nthawi imene nyumba za khonsolo zinkagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo aliyense ankafuna pepala losonyeza malire a puloti yake. Ntchito inalipo yambiri.

Ine ntchito yanga inali kukopera. Tinali ndi tebulo lagalasi lokhala ndi nyale pansi pake. Mapu akale ndinkawamata pagalasipo ndi tepi m'makona, pamwamba n'kuyala pepala loonekera mkati, kenako n'kutsata mzere uliwonse ndi inki. Zolembera zinali za nsonga zosiyana, yopyapyala ya mizere ya nyumba, yonenepa ya malire. Mayina ndinkalemba ndi sitensulo. Inki ikalakwika ndinkapala ndi lezala pang'onopang'ono kuti pepala lisabooke. Panalinso rula ya sikelo ya mbali zitatu, ndi labala yoyera yofewa. Ndikamaliza tinkalowa nalo pepalalo m'kachipinda kopanda windo momwe munali makina osindikizira a amoniya, a fungo lotulutsa misozi.

Ba Mulenga anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza ngati pemphero. "Pensulo ni dothi, Dailesi. Inki ikauma, chosa vonse. Kasitoma safunika kuona mwamene unavutikila." Lamulo limeneli ndinalikonda kuposa mwini wake. Mapepala anga ankatuluka oyera mbee, ndipo anthu akayamikira, mapewa ankakwera mpaka m'makutu.

Ndinali nditagwira miyezi isanu pamene Ba Mwale anabwera. Anali bambo wachikulire wa ku Matero komweko, amene ankayendetsa mabasi a boma kampaniyo isanatsekedwe. Anavala jekete ngakhale kunali kotentha, ndipo m'manja ananyamula chitenje chopinda bwino ngati muli mwana. Atachitambasula patebulo munatuluka mapu akale omata pansalu, ofiirira, ong'ambika m'mapindiro monse.

Anayamba kulankhula, ndipo Chichewa chawo chinali chakuya, cha kumudzi, chonga cha agogo anga aamuna amene anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Ife ana a m'komboni Chichewa chimenecho tinkachiseka. Ndinatenga zolembera zanga n'kupita kukona kukazitsuka m'kabeseni, khutu limodzi kwa iwo, lina ku wailesi ya m'sitolo. Zimene ndinatolapo zinali zochepa. Mapuwo anali a Nkhotakota, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumene anabadwira. Amayi awo anamwalira kumeneko iwo ali ndi zaka zinayi, ndipo bambo awo anawatenga kubwera nawo kuno, osabwereranso. Tsopano popeza ntchito inatha, ankafuna kupita kukamanga chiliza pamanda a amayi awowo. Mapu enieniwo sakanapirira ulendo wa basi, ndiye ankafuna kope loti anyamule. Anakhala ndi Ba Mulenga nthawi yaitali atawerama, akulozerana china chake ndi chala. Ine ndinali kutsuka zolembera zoyera kale. Pochoka Ba Mwale anakulunganso mapuwo m'chitenje n'kupita nawo kunyumba, ndipo anadzawasiya m'mamawa mwake.

Mapuwo anali okongola, zimenezo ndinavomera. Dzina la tauni analemba Kota Kota, monga ankalembera azungu. Pankaoneka boma, doko, tchalitchi cha mishoni chokhala ndi kamtanda kosindikiza, mtsinje, ndi midzi yondandalikana m'mphepete mwa madzi, ina ya mayina amene pa mapu atsopano sanalipo. Ba Mulenga anabwereka mapu atsopanowo kwa mnzawo n'kundionetsa kalumikizidwe kake. Anati ndisadalire gombe chifukwa madzi amalowa n'kutuluka, ndisadalirenso misewu chifukwa imakhotetsedwa. "Nyanja imayenda, njila imayenda, chalichi siiyenda," anatero. Ndinafunika kufananitsa sikelo, kugwirizanitsa tchalitchi ndi powolokera mtsinje, kenako kukopera zakale ndi mzere wathunthu, misewu ya lero ndi timadontho, kuti munthu akatsika basi adziwe pamene waima. Lachitatu m'mawa Ba Mulenga ananyamuka kukayeza mapuloti ku Kabanana. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Kopa vonse vili apo."

Nditayatsa nyale ya pansi pagalasi ndinaona zinthu zitatu za pensulo kumpoto kwa tchalitchi. Ziwiri zinali timitanda, chachitatu chinali kamzere kokhotakhota ngati ka mwana wophunzira kugwira pensulo. Ndinaziona. Sindinganame kuti sindinazione. Ndinangoti wina wosasamala anadetsa mapu abwino, ndipo ndinatenga labala. Timitandato tinavuta pang'ono, kachitatuko kanachoka nditangopukuta kamodzi. Ndinauzira zinyenyeswa pansi, ndikudzimva kuti ndine mmisiri. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kopelo ndinalimaliza Lachisanu, ndipo mpaka lero ndimati linali labwino kuposa onse amene ndinajambula chaka chimenecho. Loweruka m'mawa Ba Mwale anabwera Ba Mulenga asanafike. Ndinawapatsa mpando n'kutambasula kopelo monyadira. Anavala magalasi, n'kuyendetsa chala kuchokera kudoko, kudutsa boma, mpaka patchalitchi. Anamwetulira.

"Dzanja muli nalo, mwana wanga. Koma zizindikiro za bambo mwaziiwala."

"Viti, tate?"

"Zitatu zija za pensulo. Nyumba yathu, chitsime, ndi pamene anagona amayi. Bweretsani enieniwo ndikuonetseni, mungowonjezera."

Ndinabweretsa mapuwo. Chala chawo chinafika patchalitchi, n'kukwera kumpoto, n'kuima. Chinabwerera, n'kukweranso. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi jekete, n'kuwavalanso. Anayandikiza nkhope mpaka mphuno kukhudza pepala.

"Zinali apa," anatero. "Lachiwiri lomweli ndazionetsa abwana anu."

Kufufutako kunali kupusa, ndipo kupusa kumakhululukika. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi chimene ndinanena pamenepo. Ndinati, "Ine sinaoneko chilichonse, tate. Kapena vinafutika na chitenje. Pensulo yakudala imachoka yeka."

Anandikhulupirira. Anakhala pansi n'kuyamba kudziimba mlandu. Anati ndi iwo amene anapinda molimba, ndi iwo amene anayenda nawo padzuwa, thukuta la m'khwapa n'kulowa m'nsalu. Anati mkazi wawo anawauza kuti awaike m'pulasitiki koma sanamve. Kenako anafotokoza zimene ndikanamva Lachiwiri ndikanakhala pafupi. Mapuwo bambo awo anapatsidwa ndi wansembe wa kumishoni. Nyumba ndi chitsime anazilemba kalekale ali ndi mphamvu, koma za manda sankafuna kuzikamba. Kamzere ka manda kaja anakalemba atatsala masiku awiri kuti amwalire, ali chigonere, Ba Mwale atawagwirira pepalalo pambale ya enamulo. "Zaka makumi awiri ndazisunga m'sutikesi," anatero, "ndazipha ndekha sabata imodzi." Ine ndinali chiimire, labala ili m'thumba la siketi yanga.

Ba Mulenga anatipeza tili choncho. Anamvetsera, n'kunyamula mapuwo kupita nawo pakhomo pamene panali kuwala. Sanachedwe. Pepala lonse linali lofiirira ndi ukalamba, koma malo atatu anali oyera kuposa pena ponse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Dailesi, pepala iyi yasamba malo yatatu. Nindani anaisambika?"

Ndinatulutsa labala ija n'kuiika patebulo. Ndinagwada pasimenti pamaso pa Ba Mwale n'kunena zonse, kuti ndinaziona, ndinafufuta, ndipo ndanama. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mumandimvera ndikudzitukwana, inu mukudziwa?"

Ba Mulenga sanataye nthawi ndi ine. Anatenga tochi, tinalowa tonse atatu m'kachipinda ka amoniya, n'kutseka chitseko. Anayala mapu pathabwa n'kugoneka tochiyo m'mbali kuti kuwala kuyende chokwawa pamwamba pa pepala. Anati pensulo ikachoka imasiya kangalande pamene inadinda. Ndipo zoona, kamtanda koyamba kanatulukira ngati chipsera, kachiwirinso chimodzimodzi. Nyumba ndi chitsime zinapezeka. Ba Mwale anapuma mwamphamvu mpaka ndinamva mumdimamo.

Pa chizindikiro chachitatu tinazungulira ndi tochi mbali zonse zinayi. Tinatembenuza mapu kuti tione kunsalu. Ba Mulenga anabweretsa galasi lokulitsira. Panalibe kanthu. Dzanja la munthu wodwala silidinda, pensulo inangokhudza pepala pamwamba, ndipo labala yanga inatenga zonse. Chotsala chinali malo oyera aja, aakulu ngati chala chachikulu, chifukwa ndinapukuta mowolowa manja. Ba Mwale anayesa kukumbukira ngati kamzereko kanali kumtunda kapena kumunsi kwa malowo, koma akaloza apa ankakayika n'kuloza apo. Ba Mulenga anaika rula ya sikelo n'kunena motsitsa mawu kuti pansi penipeni malo amenewo ndi aakulu ngati mabwalo a mpira angapo.

Anandiuza kuti ndikhale patebulo ndimalize ntchito yanga. Ndinakopera timitanda tiwiri tija pamalo pake, kenako ndinajambula mzere wozungulira malo oyerawo. Unali mzere woipa kuposa yonse imene ndinalembapo, ndipo Ba Mulenga sanalole kuti ndiupale. Ba Mwale anakulunga mapu awo m'chitenje, kope m'thumba la jekete, n'kutsanzika mwaulemu kwa tonse awiri.

Sanandichotse ntchito. Madzulo ake Ba Mulenga anangoti, "Lamulo ija nenze kukamba pensulo yako. Ya munthu wina siyako." Anawonjeza kuti theka la mlandu ndi lawo chifukwa sanandilozere, koma bodza lija ndi langa ndekha. Ndinavomera.

Patapita miyezi iwiri Ba Mwale anabweranso, atada ndi dzuwa. Ndinafuna kuthawira m'kachipinda ka amoniya koma anali atandiona kale. Anatulutsa kope lija litafewa ndi kupindapinda. Anati mapu anagwira ntchito. Tchalitchi anachipeza, ndipo atawerenga mapazi kuchokera pamenepo anapeza chitsime, chokwiririka koma miyala yake ilipo. Pamene panali nyumba yawo pali nyumba ya anthu ena, amene anawalandira bwino n'kuwaperekeza kwa okalamba a m'mudzimo. Mmodzi ankakumbukira dzina la bambo awo, koma za amayi awo ayi. M'kati mwa mzere wanga uja munali munda wa chinangwa, tchire, ndi manda akale a mitumbira yofafanizika yopanda mayina, ena apa ena apo.

"Ndinayenda m'bwalo lanu lonse lija masiku atatu," anatero. "Mtumbira uliwonse ndimaima n'kunena kuti amayi, ngati ndinu, ndabwera. Simenti ya chiliza ndinaisiya kutchalitchi, akonzere masitepe."

Sananene mokwiya. Anandipatsa kaphukusi ka usipa wouma kuti ndikapatse amayi kunyumba, ndipo ndinakalandira ndi manja awiri nditayang'ana pansi. Kunyumba sindinadyeko.

Ndagwira ntchito ya mapu zaka zambiri kuchokera pamenepo, ndipo masiku ano timakopera ndi makina. Anthu amabwerabe ndi mapepala akale a makolo awo, ofuna kudziwa kumene anachokera. Munthu akayamba kufotokoza, ndimasiya chilichonse chili m'manja n'kukhala pansi, ngakhale nkhani italike bwanji. Kadontho kalikonse, kamzere kalikonse, ngakhale kooneka ngati ntchentche inapondapo, ndimaloza n'kufunsa kuti analemba ndani. Anzanga amandiseka kuti ndimachedwetsa ntchito, ndipo ndimawasiya aseke. Ndinapeza ntchito chifukwa cholemba mayina pamanda a anthu, ndipo ndi dzanja lomwelo ndinasowetsa manda a mayi wa munthu. Patebulo langa labala palibe.