Chikwatu Chimene Ndinagula Kawiri

Chaka chimene mitengo ya zinthu inkakwera sabata iliyonse, ndinagulitsa soya ku Malomo n'kupatula ndalama za matumba awiri a feteleza. Lisiti lake ndikadali nalo, monga ndili ndi pepala lililonse lomwe ndinalandirapo. Kubanki sindinapite, minibasi yokha ikadadya gawo lalikulu.

Ndinaganiza mozama. Wakuba amang'amba matiresi, amakumba pansi, koma ndani angabe mfutso? Mkazi wanga atapita kudimba, ndinatsitsa chikwatu chimodzi kudenga la khitchini, ndinamasula masamba ake, n'kulowetsa ndalamazo pakati pa nkhwani zouma. Ndinachimanganso ndi luzi lofiira. Sindinauze munthu.

Lamlungu la zopereka za masika, ndili chikhalire kumbali ya abambo, ndinaona mkazi wanga akupita kutsogolo akuvina, dengu lili pamutu. Pamwamba pa chimanga panali luzi lofiira! Ndinaimirira nyimbo isanafike poimirira. Feteleza wanga yense anamutula paguwa, abusa n'kumupempherera.

Kuulula sindikadatha. Mudzi wonse ukadadziwa pobisa panga, ndipo chopereka sachilanda. Ndinadikira Lolemba, tsiku limene akulu a mpingo amagulitsa zoperekazo kwa wotchula mtengo waukulu.

Chikwatu chitangokwezedwa ndinafuula mtengo. Anthu anaseka, poti amadziwa kuti mfutso sindiukonda. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anandiyang'ana n'kuwonjezera.

"Alamu, mano atha kodi? Mwayamba kulimbirana ndiwo za nkhalamba?"

"Tasiyani, alamu, kwanu zikwatu zilipo."

"Zilipo, koma ichi chophika mlongo wanga. Ndawonjezanso!"

Amayi anayamba nthungululu. Ine ndikatchula, iye akwera. Tinadutsa mtengo wa nkhuku, tinafika wa nkhuku ziwiri. Thukuta linanditsika mpaka m'nsapato. Wogulitsa uja, mkulu wa mpingo wathunthu, ankachita kulumpha: "Kachisi apaka penti chaka chino!" Mpaka lero zimandikwiyitsa. Ameneyo ndi malonda a m'nyumba ya Mulungu?

Pa nkhuku zitatu mlamu anagwira m'thumba, nagwa ulesi. Ndinalanda chikwatucho, ndinaumiriza msungichuma kundilembera lisiti, ndipo ndinakwera phiri lopita kwathu ndikuthamanga ngati mnyamata, ndodo nditaiiwala.

Ndinachimasulira kuchipinda, mkazi wanga ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, kufuna kumva chifukwa chimene ndamuchititsira manyazi. Ndalama zinagwera pamphasa zonse, zikununkha utsi ndi nkhwani. Ndinakuwa, ndinavina.

Iye anakhala pansi.

"Bambo, mwayi wanu. Ndinkafuna kuphika chimenechi Loweruka. Ndikadangokhuthulira m'madzi otentha."

M'mawa mwake tinapita limodzi ku Malomo, ndalama atazimanga yekha pansonga ya chitenje. Feteleza tinamupeza asanakwerenso, matumba onse awiri.