Tsiku limene ndinasewera mbava pamsika wa Mtendere

Ndinatsala pang'ono kuotchedwa wamoyo chifukwa cha thumba la ufa lomwe sindinabe. Inu owerenga, ndimvereni, chifukwa mwina tsiku lina mwala udzakhala m'manja mwanu.

Zinali zaka zija zinthu zitathina m'Zambia, tikufola mzere wa ufa kuyambira mbandakucha, sopo akusowa ngati mankhwala. Ntchito yanga ya kufakitale inali itatha, ndipo ndinkangozungulira m'komboni ya Mtendere mpaka pamene ba Sakala anandiitana kuti ndisewere mufilimu yawo.

Ba Sakala sanali munthu wamba. Anayamba masewero ali mnyamata m'maholo a m'makomboni, nanyamulapo katundu m'mafilimu a azungu, kenaka natchuka pa wailesi ya kanema monga wapolisi wankhanza amene dziko lonse linkamuopa. Atakula anayamba kutsogolera mafilimu awoawo. Ndalama zitauma anzawo onse anasiya, koma iwo ankabwereka kamera kwa wojambula maukwati n'kupitiriza. Ndinawaonapo akulira misozi yeniyeni pamasewero, kenaka n'kutembenuka kufunsa ngati tiyi wapsa. Ndinkawaopa, ndinkawakondanso.

Anali ndi lamulo limodzi: anthu asadziwe kuti akujambulidwa, chifukwa akadziwa amaimika makosi ngati ali pachithunzi cha chitupa. Choncho kamera inabisidwa m'minibasi, ine n'kupatsidwa mbali ya bambo wanjala wolanda ufa kwa mayi wina pamzere. Mayiyo anali mnzathu wa m'gulu, ufanso unali wathu.

Ndinalanda thumba n'kuliyatsa liwiro. Mayi uja anakuwa monga tinapangana, koma msika wonse unamuyankha.

"Kawalala! Kawalala! Mugwileni!"

Sindinapite patali. Wina ananditchera mwendo, ndinagwa, ndipo zibakera, miyala ndi matabwa zinandigwera. Ndinkafuula kuti ndi sewero chabe, koma ndani akanamva? Anthu amene agona ndi njala akaona wakuba ufa safunsa dzina. Ndinangomva tayala likulowa m'khosi, wina akuitanitsa parafini.

Pamenepo panamveka mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka tsitsi limandiimirira.

"Imwe! Chokani apo! Wamene azamugwila futi uyu muntu azagona mu selo lelo!"

Anali ba Sakala. Analibe yunifolomu, analibe mfuti, anangovala jekete lawo lothetheka m'zigongono. Koma ankayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, ndendende wapolisi uja wa pakanema. Nkhalamba yowonda inakula pamaso pathu. Khamu linang'ambika pakati, amuna amphamvu n'kumataya miyala mobisa ngati ana ogwidwa akuba shuga. Anandivula tayala, nandigwira pakolala mwaukali ngati akukanditsekera, nandikokera kuminibasi osathamanga ngakhale pang'ono.

Chitseko chitatsekedwa ukali wonse uja unatha. Anakhala pansi, nagwira mutu wanga wamagazi.

"Mwana wanga, nakupaisa ine," anatero, podziimba mlandu kuti akanandiphetsa.

Wojambula anawauza monyadira kuti zonse zalowa mukamera, ndipo filimu yotere sinaonekepo. Ba Sakala anatulutsa tepiyo, naisolola yonse ndi manja awo, naiponya m'ngalande. Imeneyo ikanakhala filimu yowabwezera kutchuka, koma sanalole kuti anthu adye mbuliuli akuonerera ine ndikuphedwa. Sanajambulenso mobisa mpaka imfa yawo, ndipo pamene ndinali m'chipatala ankabwera tsiku ndi tsiku wapansi.

Inu achinyamata amene mukujambula mafilimu m'makomboni masiku ano, uzani anthu musanayambe, ngakhale aimike makosi. Ndipo inu nonse, mukamva mfuu ya wakuba, musathamangire mwala musanafunse. Amene anandithyola mwendo umene ndikutsimphinawu sanali zigawenga ayi. Wobweretsa parafini uja anali mayi amene ndinkaimba naye kwaya imodzi, ndipo anandizindikira atatsegula kale botolo.