Ukwati wa Kalisto Telala

Kalisto Semba anali telala pakhonde la sitolo ina ku Nsanje. Anabwera m'chaka cha 1970 kuchokera kutsidya, dera la Mutarara, nkhondo ya Apwitikizi itavuta. Anawoloka malire yekha atasenza mutu wa makina osokera m'thumba. Makolo ake anali atamwalira kale, ndipo za mlongo wake yemwe anatsala kumudzi sanamvenso. Anthu ankamudziwa ngati munthu wosoka bwino koma wosakonda macheza. Akaweruka ankangolowa m'kanyumba kake n'kudziphikira.

Evelesi anali wa kwa Mlolo. Mwamuna wake atamwalira anakana kulowedwa chokolo ndi mlamu wake, n'kuthawira ku Nsanje komwe ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Tsiku lina anabweretsa diresi lakuda kuti Kalisto alichepetse, chifukwa anali ataonda. Kuyambira pamenepo ankaima pakhondepo pochokera kumsika, awiriwo akucheza m'Chisena, mpaka patatha chaka Kalisto anamufunsira.

Vuto linali ankhoswe. Kalisto analibe wachibale woti amuimire, ndipo kwa Mlolo anayankha kuti mkaziyo adakali wa banja la malemu. Kutchalitchi nako anati sangadalitse ukwati umene mabanja sanagwirizane. Motero anapita ku boma.

Kalaliki anawafunsa makadi a chipani, kenako anatayipa mayina awo papepala n'kulikhoma pabolodi la panja. Anawauza kuti likhala pamenepo masabata atatu kuti ngati pali wotsutsa abwere, ndiponso kuti patsikulo adzabwere ndi mboni ziwiri. Kalisto ankadzera pabolodipo m'mawa uliwonse. Poyamba ankaopa wotsutsa, koma pambuyo pake anazindikira kuti panalibe ngakhale wowerenga pepalalo kupatula iye.

Kutatsala masiku anayi, Evelesi anapita kukauza mayi ake okalamba, kuti asamvere kwa anthu. Ali komweko mvula inagwa yambiri kumtunda, mitsinje ya Ruo ndi Shire inasefukira, njira zonse n'kutsekeka. Lachisanu lomwe anapatsidwa, Kalisto anavala jekete limene anadzisokera n'kukakhala pabenchi la ku boma kuyambira m'mawa. Masana kalaliki anatuluka n'kumufunsa kuti mayi odzakwatiwa aja ali kuti.

"Madzi awatsekereza," anatero Kalisto. "Abwera."

Kalaliki anamuyang'ana ngati munthu amene anamvapo mawu otere kambirimbiri, n'kumuuza kuti adzabwerenso mayiwo akadzafika.

Evelesi anafika pabwato patatha masiku asanu ndi anayi, miyendo itatupa. Mayi ake anamupatsa kadengu ka mapira, koma za ukwatiwo sananenepo kanthu poopa alongo awo. Atapitanso ku boma, mboni zinapezeka pomwepo: mesenjala wa pa ofesiyo ndi mayi wina dzina lake Molly, yemwe anabwera kudzachita zake zina ndipo anavomera chifukwa anakhala nawo benchi limodzi. Bwana wamkulu wa ofesiyo anawerenga mawu a lamulo m'Chingerezi, kalaliki akumasulira. Kalisto anasaina, Evelesi anadinda chala. Zonse zinatha tiyi wa bwana asanazizire. Panja panalibe woimba nthungululu. Anabwerera kunyumba wapansi, dzuwa lili paliwombo, chikalata cha ukwati chili m'thumba la jekete.

Anakhala limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Sanabereke, ndipo alendo pakhomo pawo ankasowa, koma Kalisto ankati m'moyo wake wonse zaka zimenezo ndizo ankafulumira kuweruka. Mu 1979 Evelesi anadwala chifuwa n'kumwalira. Abale ake, omwe anali asanapondepo pakhomopo, anafika tsiku lomwelo kudzatenga thupi. Kalisto anatulutsa chikalata chija.

"Pepala limenelo mukaonetse amene anakupatsani," anatero malume a Evelesi. "Ife sitikukudziwani."

Anawatsatirabe mpaka kwa Mlolo. Pamaliro anakhala ndi anthu apadera pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo potchula achibale dzina lake silinamveke. Mayi a Evelesi okha, amene panthawiyo sankaonanso, anatuma mayi wina kuti akamuitane. Anamugwira dzanja nthawi yaitali, kenako n'kumufunsa ngati mwana wawo ankadya bwino masiku omalizawo. Kalisto anayankha kuti ankamwa phala, iye akumumwetsa.

M'mawa mwake anakwera bwato kubwerera ku Nsanje. Sukulu zinali pafupi kutsegulira, ndipo mayunifolomu a ana a eni ake anali kumudikira atadulidwa kale.